Mphasa ya Agogo ndi Bedi la Boma

Mdzukulu wanga wina, amene ndi namwino m'tauni, anabwera kuno ku Kandeu mwezi wathawu kudzazonda phazi langali. Titatha kudya nsima yamadzulo anayamba kundisimbira za maiko akutali. Akuti ku Netherlands, kuyambira 2002, lamulo limalola dokotala kufupikitsa moyo wa wodwala amene wapempha yekha chifukwa cha ululu wopanda polekezera. Akutinso ku America kunali mayi wina, Terri Schiavo, amene anagona zaka 15 osazindikira kanthu, akudyera m'paipi. Mwamuna wake ankati paipiyo ichotsedwe, makolo a mkaziyo ankati ayi. Mu March 2005 mkanganowo unakwera mpaka ku nyumba ya malamulo, ndipo pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lokhudza munthu mmodzi yekhayo, kuti makhoti aionenso nkhani yake. Makhoti sanasinthe maganizo, ndipo mayiyo anamwalira mwezi womwewo wa March.

Kenaka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Agogo, kodi kuno kale boma linkalowerera pa imfa ya munthu?"

Ndinamuuza kuti asonkhezere moto, chifukwa yankho lake si lalifupi.

Ine ndinabadwa nkhondo ya Hitler ili mkati, ndipo imfa yoyamba imene ndinaiona ndi maso inali ya agogo anga, amayi awo a mayi anga. Masiku amenewo matenda akafika pa kayakaya, mawu ankakhala ndi mwini mbumba. Mkamwini akadwala kwambiri, akwawo ankabwera ndi machila kudzamutenga, poti manda ake ali kumene kunakwiriridwa mchombo wake, ndipo kumusiya kuti afere kuchikamwini kunali kuitana milandu. Agogowo anatupa miyendo, mpweya unkabwera mobanika, sing'anga anayesa zake n'kulephera. Amalume, amene anali atagwirako ntchito ku Halale n'kuona mphamvu ya zipatala, anamanga machila ndi kupempha anyamata anayi kuti mawa lake m'bandakucha anyamuke nawo kupita ku chipatala cha amishoni, ulendo wa tsiku lathunthu.

Agogo anawaitanira m'nyumba. Ine ndinali pakhonde, ndipo khoma la mitengo yomata silisunga chinsinsi.

"Mukufuna kundinyamula ngati thumba la chimanga kuti ndikafere pakati pa alendo? Akanditseke maso ndani kumeneko?"

"Omayi, kumeneko kuli jakisoni."

"Jakisoniyo mukabayitse ana. Ine zanga ndinadya kale."

Amalume anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenaka anamasula machila aja, nsungwi yake n'kuitsamiritsa kunkhokwe.

Masiku anayi otsatirawo ndi amene ndimafuna ana inu muwamvetse. Agogo ankaitana anthu mmodzimmodzi. Mbuzi yamawanga anapatsa mayi anga. Dimba la kumtsinje anati likhale la mdzukulu wamkazi woyamba kukwatiwa, ndipo anatchula malire ake, kuyambira pa mkuyu kukafika pa chulu, anthu atatu akumva. Anaulula ngongole ya nkhuku ziwiri imene panalibe aliyense ankaidziwa. Anaitanitsa mayi wina amene anakhala zaka zambiri osapatsana naye moni, namwa naye madzi m'chikho chimodzi. Kumeneko ndiye tinkati kusiya mawu. Banja limene munthu wake wapita osasiya mawu linkakhala ndi mantha, chifukwa mikangano ya minda imayambira pomwepo, ndiponso mzimu wopita ndi mawu kukhosi umabwera m'maloto. Ndiye munthu akakana machila, kawirikawiri ankakana kuchotsedwa pamalo pamene mawu ake akanamveka.

Mawu atatha, anakana phala. Mayi anga anayesa kawiri, agogo n'kutseka pakamwa ndi kutembenukira kukhoma. Amayi achikulire amene ankadwazika matendawo anati asiyeni, akonza ulendo, ndipo ankangowanyowetsa milomo ndi kansalu. Panalibe amene anatchula mawu oti kudzipha. Wodzimangirira ankaikidwa mwa mtundu wina, mtengo wake n'kugwetsedwa, pamene nkhalamba yokana phala inkaikidwa ndi ulemu wonse. Ku boma ku Ntcheu sanalembe kanthu m'buku lililonse. Koma ululu anaumva wonse, osachotserako ngakhale pang'ono. Usiku tinkamva kubuula mpaka tambala woyamba.

Musaganize kuti kale kunali kokoma kokhakokha. Ufulu umene agogo anali nawo unali wa imvi. Mtsikana woyembekezera akavutika pobereka analibe mawu. Azamba ankamupanikiza kuti aulule amuna amene anayenda nawo, akuti mwana akukana kutuluka chifukwa cha zimenezo, ndipo kupita naye kuchipatala kunkadikira chilolezo cha malume amene mwina ali kumowa mudzi wachitatu. Ambiri anapita choncho. Nanga za mwabvi? Wonenezedwa ufiti sankatha kukana chikho, poti kukana kunali kuvomera mlandu. Akasanza wapulumuka, akapanda kusanza wafa, mtembo wake n'kutayidwa. Atsamunda analetsa mwabvi ndi lamulo la 1911. Pamenepo boma linalowerera pa imfa ya munthu, ndipo ndinene poyera, ngakhale ndine Mngoni wosakonda kuyamikira atsamunda, linachita bwino.

Pa nthomba zinalinso chimodzimodzi. Makolo okha ankapatula wodwala n'kukamumangira msasa kutchire, womudwazika akhale amene anadwalapo kale n'kuchira. Atabwera akatemera ndi amesenjala awo, amayi ena ankathawira kumapiri ndi ana kumbuyo, anyakwawa n'kumakawasaka. Chipsera changa chili paphewa pano, ndipo sindinafunsidwe. Lamulo la zaumoyo la 1948 linapatsa boma mphamvu zochotsa munthu wa matenda opatsirana pakati pa anzake. Akhate ankapita kukakhala ku Mua kapena ku Utale, ena mofuna mankhwala, ena chifukwa mudzi wawafulatira. Zimenezi ndimazimvetsa, chifukwa nthomba ya mnzako ikagona usiku umodzi imadzuka ili yako.

Koma pali nthawi ina imene boma limagwira wodwala chifukwa cha mantha ake a boma, ndipo ife a Ntcheu tinaziona pa mafumu athu.

Mu October 1896 asilikali a atsamunda anagwira Inkosi Gomani Chikuse. Makolo ankatisimbira kuti anakana kuyendetsedwa womangidwa ngati kapolo, ndipo anamuphera panjira, pakati pa Dombole ndi Chiole. Ankasimba nkhaniyi motsitsa mawu koma monyadira, kuti mfumu inasankha yokha pothera. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani wachiwiri, mwayi umenewo sanaupeze. Mu 1953, pamene atsamunda ankatikakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, aja ankatimangitsa chifukwa cha mizere ndi migula. Bwanamkubwa Geoffrey Colby anaichotsa pampando n'kulamula kuti ichoke m'boma la Ntcheu. Nthawi imeneyo Inkosi inali yodwala kale, thupi litafooka. Mwezi wa May apolisi anafika ku Lizulu kudzaitenga, anthu anatchinga, panabuka chipwirikiti, ndipo Inkosi inazembetsedwa limodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa wachizungu wa Anglican, Michael Scott, kulowa m'dziko la Apwitikizi. Ku Lizulu, monga mukudziwa, ukangodumpha msewu wafika ku Mozambique. Apwitikizi anawabweza m'manja mwa atsamunda anzawo. Scott anapitikitsidwa m'dziko muno, ndipo Inkosi inakathera ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo, kumene inamwalira pa 12 May 1954.

Ndinali mnyamata wobusa mbuzi, koma ndikukumbukira mmene uthenga unatsikira kuno kwa Ganya. Bambo anga anatenga chishango ndi nthungo n'kukwera mtunda wapansi ndi anzawo kupita kumaliro. Atabwerako sanalankhule za kuchuluka kwa anthu. Anangoti agogo ako aja anafa bwino kuposa Inkosi. Sankanena za chisamaliro, poti Malamulo chinali chipatala cha mpingo wa Inkosiyo wa Seventh Day Adventist, ndipo inali pakati pa okhulupirira anzake. Ankanena za khomo la kwawo limene linatsekedwa ndi lamulo. Mwini dziko lonse la Angoni a Maseko analibe mphamvu imene nkhalamba yosauka ya m'mudzi mwathu inali nayo, yonena kuti ndisiyeni pa mphasa yanga. Boma limene linkamuopa ali ndi mpweya linamulola kubwera atazizira.

Ndipo musati ndi khalidwe la azungu okha. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira ku Lilongwe pa 5 April 2012, koma thupi lake linakwezedwa ndege kupita ku South Africa ngati la wodwala, ndipo mtundu unauzidwa pa 7 April, akuluakulu akukangana za mpando. Uyo ndiye anakanizidwa ngakhale tsiku lake lofera.

Mmphawi boma silimugwira choncho. Limamusiya msanga, nthawi zina asanapemphe n'komwe. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itatilowa m'midzi, mawu amene tinkawaopa m'zipatala anali akuti kayeseni kumudzi. Ukawamva unkadziwa kuti bedi likufunika wina. Mng'ono wanga anagonekedwa pa chipatala china chimene sinditchula, ine ndili gadiyani wake, ndikugona pansi pa bedi ndi kuphikira panja. Patatha milungu itatu anandinong'oneza kuti, "Ochimwene, tiwerengere ndalama." Tinawerenga. Munthu wamoyo amalipira mpando umodzi m'basi, pamene mtembo umafuna galimoto yonse, ndipo ndalama ya galimoto yonse inali ng'ombe imene tinalibe. Tinatuluka m'bandakucha, nditamukoleka paphewa ngati woledzera, diripi titaisiya ikulendewera. M'buku lawo ndikhulupirira analemba kuti wodwala wathawa. Akanakhala ndi mtima wofunsa akanalemba kuti wodwala wawerengera. Anamwalira patapita masiku asanu, kunyumba kwa mayi athu, atauza mkazi wake za ana.

N'chifukwa chake ndikamva ophunzira akunena za ufulu wokana mankhwala ndimayamba ndafunsa kuti munthuyo wakana chiyani kwenikweni. Ena amakana mankhwala. Ambiri amene ndinawaona ankakana mtengo wa galimoto ya maliro, kapena njala ya ana otsala kumudzi pamene mayi wawo akudwazika matenda kutali nyengo yopalira. Mu 1995 anthu a kuno ankadzaza malole kupita ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala a Edzi. Sanachiritse munthu, koma boma likanawaletsa ndi chiyani m'manja? Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ndipo kuyambira pamenepo kuthawa m'zipatala chifukwa cha matenda amenewo kunachepa kokha, popanda wapolisi. Mu 2017, aphungu akukambirana lamulo la Edzi, munali ndime zokakamiza anthu ena kuyezetsa magazi, koma amayi omwe ali ndi kachilomboko anakana kwamtuwagalu, ndipo ndimezo zinachotsedwa. Ankadziwa kuti wokakamizidwa amabisala, monga amayi aja ankathawira kumapiri.

A Mboni za Yehova tinakhala nawo moyandikana kuyambira kale. Boma la Kamuzu linawaletsa kuyambira 1967 mpaka 1993 pa nkhani ya makadi a chipani, ndipo ambiri anathawira ku Mlangeni, tsidya la malire. Amenewo amakana kuikidwa magazi. Munthu wamkulu akakana magazi ali ndi nzeru zake, mtima umandiwawa, koma ndimatseka pakamwa. Pa mwana sinditseka. Mu 2010 chikuku chitabuka m'dziko lonse, mipingo ina yokana zachipatala inkabisa ana odwala, mpaka azaumoyo ankayenda ndi apolisi kukabaya katemera. Ena ankati ndi nkhanza. Ine ndinati mwana sanasankhe mpingo, ndipo alibe mawu oti asiye, poti sanayambe n'komwe kulankhula zake.

Tsopano ndikuuzeni pamene ine mwini ndinalakwa, popeza nkhalamba yosimba zolakwa za ena okha ndi yabodza.

Mlongo wanga, wotsatana nane, anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene akutha amayi ambiri m'dziko muno. Anachedwa kupita, monga amachitira ambiri, poganiza kuti kutaya magazi paukalamba ndi za kumudzi. Anayenda maulendo atatu kukalandira mankhwala a m'diripi ku chipatala chachikulu. Ulendo uliwonse ankabwerako atatheratu, tsitsi likuthothoka, chakudya chikubwerera. Madokotala anamuuza mosabisa kuti chotupacho chafalikira, mankhwalawo angangochedwetsa. Ulendo wachinayi utayandikira anati sapitanso.

Mwini mbumba ndinali ine. Ana ake ali ku Joni, ndipo foni inkalira usiku uliwonse. "Amalume, ndalama tatumiza, musawamvere amayi, apite basi." Ndinkawamvetsa anawo. Munthu amene ali kutali ndalama ndiyo manja ake, ndipo akamva kuti ndalamayo yakanidwa amaona ngati akanidwa ndi iye. Komanso ndinkaopa pakamwa pa anthu, kuti adzati anamusiya mlongo wake afe ndalama zili m'thumba, mwina pali chimene akudziwapo. Ndinaitanitsa abale, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, tinagamula kuti apita. Iye mwini sitinamuitane pabwalopo. Galimoto ndinapangana nayo.

Madzulo ndinalowa kukamuuza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ochimwene, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Inu mwamva chiyani?"

Ndinalibe yankho. Anapitiriza kuti, "Munali pakhonde tsiku lija amalume anamasula machila. Ine ndinali m'nyumba, ndikupemerera moto. Mwaiwala?"

Ndinatuluka n'kukauza mwini galimoto kuti ulendo ukhalapo koma wopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Tinapita kuti akanene yekha pamaso pa dokotala. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, monga zinkachitikira kale. M'malo mwake dokotalayo, mnyamata wa msinkhu wa adzukulu angawa, anandipempha kuti ndidikire panja, nalankhula ndi mlongo wanga payekha, kufuna kutsimikiza kuti palibe akumukankha ndiponso kuti akumvetsa chimene chidzatsatire. Atandiitana, fomu inali patebulo, ndipo mlongo wanga anadinda chala. Kenaka anatitumiza ku chipinda china, kwa anamwino osamalira odwala matenda osachiritsika. Kumeneko anatipatsa botolo la mofini wamadzi, natiphunzitsa kamwedwe kake ka maola anayi alionse, kasambitsidwe ka bala, ndi katembenuzidwe ka wodwala kuti asatuluke zilonda zamsana. Anati kukana mankhwala aja sikutseka buku, mankhwala a ululu akatha mubwerenso.

Mdzukulu wanga uja anandifotokozera kuti ntchito imeneyi inayambira m'malo ngati Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima, ndipo boma linaikhazikitsira ndondomeko yake mu 2014. Anatinso dokotala saloledwa kugwira thupi la munthu wamkulu wanzeru zake popanda chilolezo chake, koma kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Ndinamuuza kuti malire amenewo agogo anga ankawadziwa asanaone sukulu, kusiyanitsa wokana phala ndi wodzimangirira. Chimene analibe ndi botolo lija. Sikuti limapezeka paliponse nthawi zonse, ndipo ife kawiri tinayenda ulendo wautali kukalitenga. Koma mlongo wanga anakhala miyezi itatu pakhonde pake, akusenda nyemba, akulangiza adzukulu. Ana ake awiri anabwera kuchokera ku Joni ndi ndalama zomwe zija zikanathera pa mayendedwe, anamupeza akulankhula, ndipo anagawa minda iwo akumva. Usiku umene anatisiya sitinamve kubuula.

Moto unali utazilala pamene ndinkamaliza. Mdzukulu wanga anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika phazi langa, limene shuga walidya chala chimodzi. Analiyang'ana nthawi yaitali monga amachitira anamwino akafuna kubisa nkhope.

"Agogo, akadzati tidule mwendo, mudzati chiyani?"

Ndinamuuza kuti Lachinayi ndipita kukatsukitsa bala monga mwa masiku onse, ndipo mankhwala ndikumwa osadumphitsa. Za kudulazo ndidzayamba ndamva kwa dokotala kuti akadula ndidzayenda ndi ndodo zaka zingati, ndipo ndidzayankha ndekha, iye ali pambali panga kuti andimasulire zovuta. Mwana wa mlongo wanga, amene adzatenge mbumbayi, ndinamuitana kale pamaso pa anyakwawa n'kumuuza kuti pasadzakhale bwalo la pansi pa mango ine ndili m'nyumba. Malire a dimba ndamuonetsa. Yatsala ndi nkhani ya ng'ombe ziwiri zimene zili kwa mlamu wanga ku Kasinje, ndipo ameneyo ndamutumira uthenga kuti abwere Loweruka.